Sukulu yotchipa ya BSN ikuti ndi yovomerezeka: ndilembetse?

Funso

Ndine namwino, ndimagwira ntchito usiku pa chipatala china ku Indiana kuno ku America. Nditangofika ndinayamba ngati CNA (wothandizira anamwino) kumalo osamalirako okalamba, kenako ndinaphunzira zaka ziwiri pa community college, ndinakhoza NCLEX (mayeso opezera laisensi ya unamwino), pano ndine RN (namwino wolembetsedwa). Abwana athu akuti aliyense wopanda digiri ya BSN (bachelor's ya unamwino) aipeze pasanathe zaka zisanu, ndipo chipatala chidzathandizako fizi. Ndapeza masukulu awiri a pa intaneti. Yoyamba ndi yotchipa, pafupifupi theka la inzake, ndipo akuti ndikhoza kumaliza chaka chisanathe. Pa webusaiti yawo alemba kuti ndi yovomerezeka. Nditafunsa za CCNE, bungwe lovomereza mapulogalamu a unamwino, anandiyankha kuti anapempha kale, akungodikira. Yachiwiri ndi yunivesite ya boma, ili ndi CCNE, koma ndi yodula komanso itenga nthawi. Ndili ndi ana awiri, kumudzinso amayang'ana kwa ine. Laisensi ndili nayo kale, ndiye accreditation (chivomerezo cha sukulu) indikhudza pati? Mtsogolomu ndimafuna kudzakhala nurse practitioner (namwino wa maphunziro apamwamba woyeza odwala ndi kulemba mankhwala), mwinanso kudzabwerera kumudzi kukaphunzitsa anamwino.

Yankho

Achemwali, musalipire kalikonse ku sukulu yoyambayo mpaka mutaona ndi maso anu dzina la pulogalamu yake ya BSN pa mndandanda wa CCNE, wa ACEN kapena wa CNEA, mabungwe atatu ovomereza mapulogalamu a unamwino. Sindikunena izi chifukwa chakuti ndi yotchipa. Masukulu otchipa abwino alipo ambiri, ndipo ndifikako. Ndikunena chifukwa cha zinthu ziwiri zimene mwatchula nokha: yankho lawo lakuti akungodikira, ndi cholinga chanu chodzakhala nurse practitioner. Ziwirizi zikakumana, munthu akhoza kutaya chaka ndi ndalama zambiri osadziwa, n'kudzazindikira patapita zaka zitatu kapena zinayi.

Mwafunsa bwino za laisensi. N'zoona, BSN siisintha laisensi yanu. NCLEX munalemba kamodzi, simudzalembanso. Mutatenga digiri ku sukulu iliyonse, mawa lake mudzalowa mu wodi ngati RN monga mwa masiku onse. Apa ndi pamene anamwino ambiri amakoledwa, chifukwa pa tsiku lolandira digiri palibe chimene chimaoneka cholakwika. Vuto limadzabadwa pamene pepalalo lafika pa desiki ya munthu wina: wolandira ophunzira a masters, wolemba ntchito ku chipatala cha boma, kapena wa ku ofesi yobweza fizi.

Sukulu ikalemba kuti ndi yovomerezeka, funso loyamba ndi lakuti, wavomereza ndani, ndipo wavomereza chiyani? Ku America kuno zivomerezo zilipo zitatu, zochokera kwa anthu osiyana, ndipo chimodzi sichilowa m'malo mwa chinzake. Zili ngati minibasi pa roadblock: wapolisi amafuna laisensi ya dalaivala, COF ndi inshuwalansi, ndipo kukhala ndi ziwiri sikukhululukira chachitatu.

Choyamba ndi chivomerezo cha Board of Nursing, bungwe loyang'anira unamwino m'chigawo (state), chimene masukulu amakonda kuonetsa patsogolo. Ntchito yake yaikulu ndi kulola kuti omaliza maphunziro pa sukuluyo akalembe NCLEX. Kwa inu amene muli kale RN, chimenechi ndi chochepa mphamvu pa zitatuzi, ndipo m'zigawo zambiri Board siyang'anira n'komwe mapulogalamu a RN-to-BSN, opezera BSN kwa amene ali kale RN. Kumbukirani nkhani ya Operation Nightingale imene inatuluka mu January 2023, pamene boma linaulula kuti madipuloma abodza a unamwino oposa 7,600 anagulitsidwa kudzera m'masukulu atatu a ku Florida. Masukulu amenewo anali ndi mayina odziwika ku Board ya kumeneko, sanali a m'tchire. Sindikufanizira sukulu yanuyo ndi amenewo ayi. Ndikungofuna muone kuti chilolezo cha chigawo pachokha ndi mpanda waufupi.

Chachiwiri ndi chivomerezo cha sukulu yonse, kuyambira kayendetsedwe ka chuma, laibulale, aphunzitsi, mpaka mmene amasamalira ophunzira. Kwa zaka zambiri mabungwe ochita zimenezi ankagawidwa pawiri. Panali a m'madera, amene anthu amati regional, monga Higher Learning Commission imene imayang'anira masukulu ambiri a ku Indiana ndi zigawo zoyandikana, Middle States ya cha ku New York, Pennsylvania ndi Maryland, ndi SACSCOC ya kummwera monga Texas, Georgia ndi Florida. Panalinso a dziko lonse, amene amati national, omwe kwambiri ankavomereza masukulu a ntchito zamanja ndi masukulu ochita malonda. Munthu wobwera kumene amaganiza kuti chivomerezo cha dziko lonse ndiye chachikulu. Zoona zake n'zosemphana: mayunivesite akuluakulu onse, a boma ndi ena otchuka, ali pansi pa mabungwe a m'madera aja. Mu July 2020 unduna wa zamaphunziro wa America unasiya kusiyanitsa magulu awiriwa m'malamulo ake, koma mayunivesite ambiri sanasinthe khalidwe. Akamalandira ma credit (mawerengero a makosi amene munthu wakhoza) kapena akamasankha ophunzira a masters, amayang'anabe ngati sukulu yanu ili pansi pa limodzi la mabungwe akale a m'madera.

Zimenezi zimapweteka m'thumba. Mu 2017 ofesi ya boma yofufuza kagwiritsidwe ntchito ka ndalama, ya GAO, inatulutsa lipoti losonyeza kuti ophunzira osamuka sukulu ankataya pafupifupi 43 pa ma credit 100 alionse, ndipo ochoka ku masukulu ochita malonda kupita ku masukulu a boma ankataya pafupifupi 94 pa 100. Ndiye kuti munthu amayambanso pachiyambi, ngongole yakale ili pamsana. Mukhoza kunena kuti inu simukufuna kusamuka. Ophunzira a ku ITT Technical Institute nawonso sankafuna. Sukuluyo, imene inali ndi nthambi zoposa 130 komanso maphunziro a unamwino, inatseka mwadzidzidzi mu September 2016. Inali yovomerezeka ndithu, ndi bungwe la ACICS, limene pambuyo pake boma linalichotsa pa mndandanda wa mabungwe odalirika, n'kulibwezeretsa mu 2018, n'kulichotseratu mu 2022. Choncho ngakhale bungwe lovomerezalo nalonso liyenera kufufuzidwa. Loyenera ndi limene likuzindikiridwa ndi unduna wa zamaphunziro kapena ndi CHEA, bungwe loyima palokha lounika mabungwe ovomerezawa. Alipo mabungwe ena a mayina okoma ndi zidindo zokongola amene anakhazikitsidwa ndi eni masukulu omwewo.

Chachitatu ndiye chimene chikukhudza funso lanu mwachindunji: chivomerezo cha pulogalamu ya unamwino payokha. Mabungwe ake ndi atatu. CCNE inakhazikitsidwa mu 1996 ndipo imayambira pa digiri ya bachelor's kukwera, siyang'ana mapulogalamu a zaka ziwiri. ACEN, imene mpaka 2013 inkatchedwa NLNAC, imavomereza magawo onse kuyambira LPN (unamwino wa pansi pa RN) mpaka udokotala wa unamwino. CNEA ndi yatsopano, ya bungwe la National League for Nursing, ndipo boma linaizindikira mu 2021. Musavutike ndi mkangano wakuti lalikulu ndi liti. Kwa namwino wofuna BSN, CCNE ndi ACEN zimalandiridwa pafupifupi paliponse mofanana. CNEA ikulandiridwa mochuluka tsopano, koma poti ndi yatsopano, malamulo a masukulu ena ndi olemba ntchito ena amatchulabe ziwiri zoyambazo zokha, ndiye ndi bwino kufunsiratu.

Mabungwewa sangotumiza chiphaso pa positi. Sukulu imayamba yadzilembera lipoti lalikulu lodziunika, kenako gulu la aphunzitsi ndi anamwino ochokera kwina limabwera kwa masiku angapo. Amawerenga silabasi, amaona maphunziro a aphunzitsi, amacheza ndi ophunzira aphunzitsi palibe, amafufuza kuti mwa olembetsa ndi angati amene amamaliza. Ku CCNE muyezo wa omaliza ndi 70 pa 100. Pulogalamu yatsopano ikapambana imapatsidwa zaka zosapitirira zisanu, ndipo yokhazikika imafika zaka 10 ku CCNE kapena 8 ku ACEN, kenako kuunikidwanso.

Tsopano tiyeni tikhale pa mawu aja akuti anapempha kale, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani. Mwina akunena zoona. Pulogalamu iliyonse yatsopano imadutsa pamenepo, popeza palibe bungwe limene lingaunike sukulu yopanda ophunzira. CCNE imafuna kuti pulogalamu ikhale ndi ophunzira kwa chaka chimodzi cha maphunziro isanalandire gulu lodzaunika. Ndiye kuti nthawi zonse pamakhala gulu loyamba la ophunzira limene limalowa chivomerezo chisanabwere. Funso ndi lakuti, kodi inu muyenera kukhala m'gulu limenelo?

Taonani mmene masiku amawerengedwera. CCNE ikavomereza pulogalamu, chivomerezocho chimayambira pa tsiku loyamba limene gulu lodzaunika linafika pa sukulupo. Sichibwerera kumbuyo kupitirira pamenepo. Amene anamaliza tsikulo lisanafike amakhala kuti anamaliza pa pulogalamu yosavomerezeka, ndipo zimakhala choncho mpaka kalekale, ngakhale sukuluyo itadzatchuka bwanji. Ku ACEN amawerengera kuchokera pa tsiku limene pulogalamu inalandiridwa ngati candidate (yodikira chigamulo), koma pokhapokha ngati yadzapambana pamapeto. Ikalephera, u-candidate uja suthandiza aliyense.

Mwaona tsono msampha wake? Chinthu chimene chakukopani, chakuti mumaliza chaka chisanathe, ndi chomwenso chingakupwetekeni. Inu ndinu wolimbikira, mwadutsa u-CNA ndi mashifiti a usiku, ndikudziwa kuti mudzathamanga. Mukamaliza m'miyezi khumi, gulu la CCNE n'kudzafika mwezi wotsatira, mnzanu amene ankazengereza adzatuluka ndi digiri yovomerezeka, inu ayi, chonsecho munaphunzira zofanana ndi aphunzitsi omwewo. Ndipo apa tikungoganiza kuti sukuluyo idzapambana. Palibe amene angakulonjezeni zimenezo, ngakhale mkulu wa sukuluyo. Amene akukuimbirani foni tsiku ndi tsiku uja ntchito yake ndi kulembetsa anthu, si iye adzagamule.

Nanga digiri yotere imakanidwa kuti? Malo oyamba ndi kumene mukufuna kupita. Mapulogalamu ambiri a MSN ndi DNP (masters ndi udokotala wa unamwino) amalemba poyera kuti wofunsira malo akhale ndi BSN yochokera ku pulogalamu yovomerezeka ndi CCNE, ACEN kapena CNEA, pa sukulu yovomerezeka bwino. Iwonso ali ndi chifukwa: kuti mudzalembe mayeso a u-nurse practitioner a bungwe la ANCC kapena la AANP, pulogalamu yanu ya masters iyenera kukhala yovomerezeka, ndipo popanda mayeso amenewo zigawo pafupifupi zonse sizikupatsani laisensi ya APRN, ya namwino wa mlingo wapamwamba. Unyolo wake ndi wolumikizana kuyambira pansi. Mudzapeza masukulu owerengeka a masters olandira BSN yosavomerezeka, koma mudzakhala mukusankha pa zotsala, ndipo nthawi zambiri ndi odula.

Kwina ndi ku ntchito. Zipatala za asilikali opuma, za VA, zimene zili m'gulu la olemba anamwino ochuluka kwambiri m'dziko lino, zimayang'ana chivomerezo cha pulogalamu polemba ntchito ndi poika munthu pa mlingo wa malipiro. Unamwino wa m'gulu la asilikali umafunanso BSN yovomerezeka. Mwina lero simukuganizako za kumeneko, koma mukadzakhala nzika zitseko zimenezo zimakhala zofunika. Zipatala zina sizifufuza kwambiri, zimangoona zilembo zitatuzo, ndipo sindikubisirani kuti alipo anamwino amene anatenga BSN yosavomerezeka n'kugwira ntchito mpaka kupuma popanda vuto. Koma amenewo sankafuna kupitiriza sukulu. Inu mukufuna.

Ndalama ya fizi ya chipatala chanu nayo ili ndi malamulo ake. Pitani ku HR mukapemphe ndondomeko yolembedwa, osati zongomva kwa anzanu pa nthawi ya tiyi. Kawirikawiri imatchula mtundu wa chivomerezo chimene sukulu iyenera kukhala nacho. Ngati sukulu yotchipayo sikwanira, mudzalipira yonse nokha, pamene yodulayo chipatala chikadakusenzerani gawo. Pamenepo yotchipa ndi iti? Thandizo la boma lodzera pa FAFSA (fomu yopemphera thandizo la fizi), monga Pell Grant ndi ngongole za boma, limene a green card nawonso amaloledwa, limapita ku masukulu okhawo ovomerezedwa ndi bungwe lozindikiridwa ndi unduna. Sukulu ikakuuzani kuti silandira FAFSA koma ili ndi ngongole yakeyake, imani kaye mufunse chifukwa. Ngongole ya boma ili ndi njira yokhululukidwa sukulu ikatseka muli mkati. Ya kubanki kapena ya sukulu kawirikawiri ilibe chitetezo chotere.

Ndisapitirire osanenapo chifukwa chimene abwana anu akufunira BSN, popeza anamwino ambiri amaiona ngati msonkho chabe. Mu 2003 Linda Aiken ndi anzake a ku University of Pennsylvania anafufuza zipatala 168 za m'chigawo chimenecho, ndipo anapeza kuti chiwerengero cha anamwino a bachelor's chikakwera ndi 10 pa 100, mpata wakuti wodwala wochitidwa opaleshoni amwalire pasanathe masiku 30 unkatsika ndi pafupifupi 5 pa 100. Mu 2010 Institute of Medicine inalimbikitsa kuti pofika 2020 anamwino 80 pa 100 akhale ndi digiri imeneyi. Mu December 2017 New York inakhazikitsa lamulo lakuti anamwino atsopano apeze BSN pasanathe zaka 10 atalandira laisensi. Zipatala zofuna ulemu wa Magnet (woperekedwa kwa zipatala za unamwino wapamwamba) nazonso zimakakamizika kukweza chiwerengerochi, ndipo oyang'anira mawodi awo ayenera kukhala ndi digiri ya unamwino. Ine ndimakhulupirira kuti phindu limene ofufuzawo anaona silinachokere ku pepala. Linachokera ku zimene namwino amaphunzira: kuwerenga kafukufuku n'kudziwa wodalirika, kuona msanga wodwala amene akusintha, kumvetsa umoyo wa anthu m'dera, kutsogolera anzake. Zimenezi zidzakuthandizani kwambiri tsiku limene mudzayambe kulemba mankhwala m'dzina lanu.

N'chifukwa chake ndimachita mantha ndi sukulu yonyadira kuti ilibe ntchito ya kumunda ngakhale pang'ono. Malamulo a CCNE amafuna kuti ngakhale pulogalamu ya RN-to-BSN ya pa intaneti ikhale ndi gawo lokachita zinthu zenizeni. Si kubwerera ku wodi kukaphunzira kubaya jakisoni ayi. Kawirikawiri ndi ntchito ya umoyo wa m'dera, monga ku kiliniki ya boma, ku sukulu ya ana kapena kumalo othandiza osowa pokhala, kapena pulojekiti yokonza china chake pa chipatala chanu chomwecho. Sukulu ikanena kuti zonse ndi pa kompyuta basi, afunseni kuti muyezo umenewu akuukwaniritsa bwanji.

Tibwere ku nkhani ya ndalama, chifukwa ndamva za ana ndi za kumudzi, ndipo sindikuzipeputsa. Mwadziika pakati pa masukulu awiri ngati kulibenso ena. Mapulogalamu a RN-to-BSN ovomerezeka alipo mazana, ambiri a pa intaneti, ndipo mayunivesite a boma angapo amapikisana pa mtengo. Yambirani pa community college imene munaphunzira. Afunseni kuti ali ndi mgwirizano wosamutsa ma credit ndi mayunivesite ati. Pamene pali mgwirizano wotere, ma credit anu amalowa onse popanda kukangana. Funsaninso ku HR ngati chipatala chili ndi sukulu imene imachotsera mtengo antchito ake.

Ndipo musayerekeze mitengo ya pa chikwangwani. BSN imafuna ma credit pafupifupi 120. Inu mwabwera ndi 60 kapena 70, makosi a unamwino enieni amakhala cha m'ma 30, ndipo otsalawo ndi maphunziro wamba monga statistics, chemistry, mbiri kapena kulemba. Mtengo umene amalengeza nthawi zambiri ndi wa 30 aja okha. Musanasaine, tumizani transcript yanu ku sukulu iliyonse imene mukuiganizira, muwapemphe akulembereni makosi amene alandira, amene atsala, ndi mtengo wonse mpaka tsiku lomaliza, kuphatikizapo mabuku ndi tindalama tina ta pambali. Maphunziro wamba otsalawo mukhoza kukawatenga ku community college pa mtengo wotsika, bola yunivesite ivomereze kaye polemba. Statistics musaithawe, masukulu ambiri a masters amaifuna.

Palinso kanthu kena kamene anthu othamanga amakaphonya. Lamulo la msonkho limalola olemba ntchito kukulipirirani fizi mpaka $5,250 pa chaka popanda kuidula msonkho, ndipo zipatala zambiri zimaika malire awo pa chaka chilichonse. Amene amamaliza zonse m'chaka chimodzi amalandira kamodzi. Amene wayala maphunziro ake pa zaka ziwiri amalandira kawiri. Mwapatsidwa zaka zisanu, achemwali. Kutenga makosi awiri pa temu, uku mukugwira usiku ndi kulera ana, kungakutsitsireni ndalama yotuluka m'thumba mwanu komanso kukusungirani magiredi abwino, amene mudzawafune pofunsira masters. Werenganinso pa ndondomeko ija ngati akufuna kuti mukhalebe pa chipatalapo kwa nthawi yakutiyakuti mukamaliza, apo ayi mubweze ndalamayo.

Chivomerezo chikakhalapo sindiye kuti kufufuza kwatha. Masukulu ena ovomerezeka bwino, monga Western Governors University, sapereka magiredi a A kapena B, amangolemba kuti mwakhoza, ndipo kukhozako kumawerengedwa ngati GPA (avereji ya magiredi) ya 3.0. Masukulu ambiri a nurse practitioner amalandira zimenezo, koma kumene mpikisano uli waukulu, monga maphunziro a CRNA (anamwino ogonetsa odwala pa opaleshoni), mungafune njira ina yoonetsera mphamvu zanu. Sukulu ya pa intaneti iyeneranso kukhala ndi chilolezo chophunzitsa anthu okhala m'chigawo chanu. Zigawo zonse kupatula California zili mu mgwirizano wa SARA umene umafewetsa zimenezi, komabe ngati mukuganiza zosamuka muli mkati mwa maphunziro, auzeni a sukulu musanapakire katundu. Kwa owerenga amene ali pa viza ya ophunzira ya F-1, pulogalamu ya pa intaneti yokhayokha sikusungirani viza. Ndipo sukulu ikamadzitama ndi chiwerengero cha okhoza NCLEX, dziwani kuti zimenezo n'za ophunzira ena, osati a RN-to-BSN. Inu funsani kuti mwa amene amayamba pulogalamu yanuyo ndi angati amamaliza, ndipo amatenga nthawi yaitali bwanji.

Yang'ananinso kumbuyo, pa dipuloma yanu ya zaka ziwiri. Ngati koleji yanu ili pansi pa Higher Learning Commission ndipo pulogalamu yake ili ndi ACEN kapena CNEA, njira yanu ndi yosalala. Ngati si choncho, mayunivesite ena adzakukanani, ena adzakulandirani chifukwa cha laisensi yanu koma adzakuwonjezerani makosi. Pamenepo BSN yovomerezeka imakhala yofunika koposa, chifukwa masukulu a masters amayang'ana kwambiri digiri yomalizayo. Amene anaphunzira unamwino kumudzi n'kudzapeza laisensi kuno kudzera ku CGFNS (bungwe lounika mapepala a anamwino ochokera kunja), yunivesite idzafuna kuti mapepala awo aunikidwe kosi ndi kosi ndi bungwe monga WES kapena ECE, ndipo ndi bwino kufunsa kaye bungwe limene yunivesiteyo imalandira musanalipire.

Za kubwerera kumudzi, ndakondwa kuti mukuziganizira, chifukwa makoleji a anamwino kwathu amafuna aphunzitsi odziwa ntchito. Kuti mukagwire ntchito ya unamwino ku Malawi mudzalembetsa ku Nurses and Midwives Council of Malawi, ndipo digiri yochokera kunja imaunikidwa ndi National Council for Higher Education. Kaya mudzafunsire ku KUHeS, ku Mzuzu University kapena ku makoleji a CHAM, wounika pepala lochokera kutali amayamba ndi kufunsa ngati sukuluyo ndi yozindikirika kwawo komweko. Digiri ya pa intaneti yochokera ku sukulu yosadziwika, yopanda bungwe lodalirika kumbuyo kwake, idzakuvutitsani kufotokoza. Sungani transcript, silabasi ya kosi iliyonse ndi kalata yosonyeza kuti pulogalamu inali yovomerezeka pa chaka chimene munamaliza. Masukulu amasintha mayina, ena amatseka, ndipo mapepala otere amavuta kuwapeza pakapita zaka.

Kufufuza konseku mukhoza kukuchita pa foni nthawi yopuma. Musadalire chidindo cha pa webusaiti ya sukulu. Lowani pa webusaiti ya CCNE, ya ACEN ndi ya CNEA, iliyonse ili ndi mndandanda wa mapulogalamu. Onetsetsani kuti chimene chalembedwa ndi pulogalamu ya baccalaureate, chifukwa sukulu ikhoza kukhala ndi chivomerezo cha dipuloma ya zaka ziwiri kapena cha masters koma BSN ilibe. Onani tsiku limene chivomerezo chinayamba ndi limene chidzathe. Kenako fufuzani sukulu yonse pa DAPIP, nkhokwe ya unduna wa zamaphunziro, kapena pa webusaiti ya CHEA, muone dzina la bungwe loivomereza komanso ngati ili pa chenjezo, pa probation kapena pa show cause (zizindikiro zakuti chivomerezo chake chili pangozi). Chitani zimenezi ngakhale pa yunivesite ya boma ija.

Mukatero, sankhani masukulu awiri kapena atatu a nurse practitioner amene mungadzafune, muwalembere imelo yachidule yotchula dzina la sukulu yotchipayo, muwafunse ngati angalandire BSN yake mmene zinthu zilili lero. Sukulu yotchipayonso ilembereni, osati pa foni koma pa imelo: bungwe lovomereza sukulu yonse ndi liti, gulu la CCNE lidzafika tsiku liti, ndipo adzachita chiyani kwa ophunzira amene amalize tsikulo lisanafike kapena ngati pempho lawo lakanidwa. Ngati akupatsani tsiku lenileni, sukulu yonse ili pansi pa bungwe lodalirika, ndipo mukuikondabe, dikirani chigamulo chituluke, mudzalembetse pambuyo pake. M'miyezi yodikirayo tengani statistics ndi maphunziro wamba otsala ku community college, amene adzawerengedwa kulikonse kumene mudzapite. Ngati ayankha mozungulira kapena akukukakamizani kuti mtengo wotsika utha Lachisanu, asiyeni, mutumize transcript yanu ku mayunivesite ena atatu ovomerezeka ndipo muyerekeze mitengo yawo yonse ndi ya yunivesite ya boma ija.